Cithunzi ca Nambala 36

M'mudzi wina wa m'boma la Katete, cakumadzulo kwa phiri la Mphangwe, mukhala mkulu wina amene ana amawachula kuti "ambuye a zithunzi." Pa cipupa ca nyumba yao, pakati pa kalendala yakale ndi msomali wopacikapo cipewa, pali cithunzi cimodzi ca m'galasi, ndipo mlendo aliyense wolowa m'nyumbamo amayamba waima kuciyang'ana asanalandire mpando. Thambo la m'cithunzico n'lofiira ngati makala a tsanya. Dzuwa lakhala pamwamba pa mitengo, lobulungira bwino-bwino, ndipo capambali, pafupi ndi mtengo wa mkuyu, paima mai wosenza ndowa. Nkhata ioneka, mfundo ya duku ioneka, ngakhale zala zogwira mlomo wa ndowa munthu angathe kuziwerenga. Koma maiyo ndi wakuda bii kuyambira kumutu kufikira kumapazi, wopanda maso, wopanda mphuno, wopanda pakamwa.

Alendo amacitama cithunzico, ndipo ali ndi cifukwa, pakuti n'cokongoladi. Mphunzitsi wina anapempha kucigula kuti akacipacike m'ofesi ya sukulu. Eni ace amangoyankha kuti, "Inde, cinatuluka bwino," kenaka nafunsa za mvula kapena za mtengo wa feteleza. Mai wosenza ndowayo ndi malemu akazi ao, ndipo pa dziko lonse lapansi palibenso cithunzi cao cina.

Pa unyamata wao mkuluyu anali wojambula woyendayenda. Kamera yao, ya Olympus Trip 35, anaigula kwa munthu wina wobwerera kucokera ku migodi. Makamera amenewa anapangidwa ku Japan kuyambira mu 1967 kufikira mu 1984, ndipo anali oyenera munthu wa kumudzi kaamba kakuti safuna mabatire. Kuzungulira diso la kamerayo kuli timagalasi tonga maso a tombolombo timene tiyesa kuwala, tsono kamera yokha isankha kukula kwa ciboo coloweramo kuwalako, kuyambira pa 2.8 pamene ciboo catseguka conse kufikira pa 22 pamene catsala kang'ono-ng'ono. Isankhanso nthawi yotsegula kacitseko kace, kaya 1/200 kaya 1/40 ya sekondi. Mdima ukapambana, kambendera kofiira kamatulukira m'kazenera koyang'aniramo, ndipo batani limakana kudinika. Mkuluyo amati kamera yao inali ndi khalidwe la apongozi acimuna: siinali kulankhula zambiri, koma ikakana yakana.

Anachova nayo njinga m'midzi yambiri, kujambula maukwati, maubatizo, ana opambana mayeso ndi alimi ogula ngolo yatsopano. Pamene mwambo wa Nc'wala unayambanso ku Mtenguleni mu 1980 iwo analiko, ndiponso ku Mkaika pamene Kulamba kunayambanso mu 1984. Koma zaka zimenezo zinali zowawa. Cigwere mtengo wa kopa ca m'ma 1975, katundu wocokera kunja anasowa m'masitolo, ndipo filimu inali m'gulu lomwelo. Filimu imodzi inali ndi malo a zithunzi 36, ndipo malo alionse anali ndi mwini wace amene analipiriratu theka la ndalama. Ikatha inali kutumizidwa pa basi ku Lusaka kukatsukidwa, ndi kubwera patapita masabata. Motero wojambula wa dziko lonse analibe cithunzi ca banja lace, monga woumba mbiya amene aphikira m'phale. Iwo anali mkamwini pamudzipo, ndipo mkamwini woseweretsa filimu ya eni ace akanapeza pomunenera.

Tsiku lina m'mwezi wa Seputembala, caka cina ca m'ma 1980, anali kubwerera kucokera ku ukwati, ndipo kawerengero ka pa kamera kanaonetsa kuti patsala malo amodzi okha. Inali nyengo yotentha chire. Utsi wa anyamata osaka mbewa unali utadzaza dziko, ndipo dzuwa linali kutsika lofiira psuu, loti munthu angathe kuliponyera diso osatsinzina. Pa mphambano ya njira ya ku citsime anakumana ndi akazi ao atasenza ndowa.

"Abambo, mwajambula akazi a eni m'dziko lonse la Gawa Undi," anatero maiwo. "Kodi nkhope yangayi ndiyo iswa galasi?"

"Imani pomwepo, mai. Musatule ndowa, ndipo musagwedezeke."

Zimene anacita pa mphindi imeneyo zinali za mmisiri weni-weni. Anagwada pansi kuti thupi la akazi ao likwere pamwamba pa mzere wa mitengo ndi kuima pa thambo lowala. Anasendera kumanzere kufikira panaoneka mpata pakati pa ndowa ndi nthambi za mkuyu, pakuti zinthu ziwiri zakuda zikakhudzana m'cithunzi zimasanduka cimulu cimodzi cosadziwika mutu wace. Malire a dziko ndi thambo anawaika m'munsi, ocepa ndi oongoka, kuti thambo litenge malo ambiri, ndipo dzuwa analisiya capambali m'malo moliika pakati-kati ngati diso la kadzidzi. Kambendera kofiira sikanatuluke. Anakanikiza zigongono m'nthiti, anagwira mpweya, nadina. Ndi maso ao anali kuona zonse bwino lomwe: kumwetulira, thukuta pa mphuno, kacipsera ka pa cipumi kamene maiwo anakatenga pa ubwana.

Patapita masabata atatu envulopu inafika. Akazi ao anaseka mpaka misozi. "Mwandisandutsa citsa cosenza ndowa!" Amuna ao analonjeza kuti adzawajambulanso pa filimu yotsatira. Filimu yotsatira inafika ili kale ndi eni ace 36, inzace cimodzi-modzi, ndipo panalibe cofulumirira, pakuti munthu amene udya naye nsima tsiku ndi tsiku suganiza kuti nkhope yace ingasowe. Zitapita zaka zingapo, m'nyengo ya dzinja, maiwo anadwala masiku anai okha namwalira. Pa maliro mlongo wao wa malemu anafunsa pamaso pa anthu kuti, "Alamu, inu ndinu a kamera. Tipatseniko cithunzi ca mlongo wathu." Cithunzico cinaturutsidwa, cinayenda m'manja mwa abale mmodzi-mmodzi, ndipo cinabwerera kwa eni ace popanda wonena kanthu. Abale sanawasudzule, anakhalabe pamudzipo ndi ana ao, koma cete wa tsiku limenelo anawalemera kuposa mlandu wa pa bwalo.

Kamera siinalakwe konse, ndipo ici mkuluyo amacibvomera yekha. Diso la munthu n'locenjera: likayang'ana thambo lidzicepetsa, likatsikira pa nkhope lidzitsegula, ndipo licita zimenezi mofulumira kotero kuti mwini wace aganiza kuti waona zonse pamodzi. Filimu ilibe nzeru zotere. Ilandira muyeso umodzi wokha wa kuwala pa cithunzi conse. Madzulo aja timagalasi toyesa kuwala tinaona thambo lalikulu lowala, tinacepetsa ciboo ndi kufulumizitsa kacitseko. Kufulumira komweko ndiko kunacititsa kuti zala ndi nkhata zituluke zakuthwa, zosagwedera, ndipo kucepa kwa ciboo ndiko kunasunga kufiira kwa thambo. Koma nkhope inali itafulatira dzuwa, inali mu mthunzi wace womwe, ndipo kuwala kocokera pamenepo kunali kocepa kwambiri kwakuti sikunalembe kanthu pa filimu. Cimene cinakometsa thambo ndico cinadya nkhope.

Usiku wambiri mkuluyo akhala akubwereza madzulo amenewo m'mutu. Pambuyo pace anadziwa kuti kamera yao yomweyo ikanatha kucita mwina. Akanailozetsa pansi pa mthunzi, nadina batani theka lokha ndi kuligwira comweco, muyeso wa kuwala ukanamangika pamenepo. Kenaka akanaikweza ndi kumaliza kudina, ndipo nkhope ikanaoneka, ngakhale thambo likanayera mbee ngati nsalu yocapa. Akanakhala ndi fulashi, ikanawalitsa munthu woima mapazi ocepa kucokera pa kamera ndi kusiya thambo lili lofiira. Koma cimene ciwapweteka koposa ndi njira yosafuna ndalama ngakhale ngwee imodzi. Akanangozungulira iwo eni ndi kufulatira dzuwa, akazi ao naliyang'ana, kuwala kofewa kwa madzulo kukanagwa pa nkhope yonse. Mapazi khumi okha ndiwo anafunika. Koma iwo anali atakopeka ndi thambo.

Nchito yojambula inatha pamene mafoni okhala ndi kamera anafika m'manja mwa aliyense. Kamera yakale ili m'sutukesi, ndipo eni ace tsopano manja anjenjemera, diso lamanja lacita ng'ala. Coopsa cina, cimene sanauzeko ana ao, n'cakuti nkhope ya malemuyo yayamba kuwathawa m'mutu. Mau ao awakumbukira, kaseko kao akakumbukira, koma akafuna kuona mphuno ndi maso, cimabwera ndi cithunzi-thunzi cakuda ca pa cipupa cija.

M'zaka zaposacedwapa, pa nyengo ya Kulamba, kumene kucitika Loweruka lotsiriza la Ogasiti, kunabwera mdzukulu wao wamkazi amene aphunzira za unamwino ku Lusaka. Iye anabadwa ambuye ace akazi atamwalira kale, ndipo azimai akulu-akulu a m'mudzi amati ndiye anatenga nkhope ya malemu. Madzulo ena anabwera pa khonde akudandaula, foni ili m'manja.

"Ambuye, taonani. Ndi maso dzuwa linali lofiira, koma m'fonimu latuluka cibanga coyera, ndipo mitengo yonse yacita cimbuuzi. Foni imeneyi ndi yacabe-cabe."

"Bwera nayo kuno, mkazi wanga," anatero mkuluyo, pomuchula monga ambuye achulira adzukulu ao aakazi. "Foni ilibe mlandu. Unafika nthawi yanji, ndipo unaigwira bwanji?"

Anapeza kuti mtsikanayo anathamanga pamene dzuwa linali litagunda kale mitengo, anajambula ndi dzanja limodzi ali wefu-wefu, ndipo anakuza cithunzi ndi zala kuti dzuwa lioneke lalikulu. Galasi la kamera linali ndi mafuta a m'manja. Mkuluyo analipukuta ndi nsonga ya malaya, nayamba kumuwerengera nthawi. Kuno kwathu dzuwa silizengereza. Kucokera pamene m'munsi mwace mwakhudza dziko kufikira pamene lamira lonse papita mphindi ziwiri ndi pang'ono, ndipo cisisira cotsatira cikhala mphindi zongopitirira 20 mdima usanagwire. Ku Katete lilowa ca m'ma 17:30 mu Juni, ca m'ma 17:45 kumapeto kwa Ogasiti, ndipo mu Januwale lifika pafupi ndi 18:30. Wofuna cithunzi ayenera kusankhiratu poima dzuwa likali pamwamba, ndi kuliyembekeza monga msodzi ayembekeza nsomba. Wolithamangira amapeza litapita.

Mdzukuluyo, pokhala wa sukulu, anaonjezapo cace. Dzuwa likatsika, kuwala kwace kupyola mu mpweya wocindikala kuposa ka 30 poyerekeza ndi pamene lili pamutu. Mtundu wa buluu umwazikira m'njira, ndipo cofika m'maso ndi cofiira ndi cacikasu. Ambuye ace anabvomera ndi mutu, nati iwo cimene adziwa ndi nyengo. M'miyezi ya utsi, kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala, dzuwa leni-lenilo ndilo lokongola, ndipo nthawi zina limira mu utsi lisanafike pansi, thambo n'kutuwa pomwepo. M'dzinja cokongola ndi mitambo, imene imayaka moto patapita mphindi zingapo dzuwa litalowa, pamene osadziwa abwerera kale kunyumba. Anamucenjezanso kuti dzuwa likali loyera asalipenyetsetse, monga anthu anacenjezedwera pa kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene Lusaka anada masana.

M'mawa mwace madzulo anapita onse awiri ku mphambano ya njira ya ku citsime, dzuwa likali pamwamba pa mkuyu. Mtsikana anasenza mtondo wa azakhali ace, ndipo mkuluyo ananyamula kathumba ka nshawa zosenda. Mtondo anaubvundikira, kathumba anakaika pamwamba, ndipo foni anaikhazika m'kathumbamo kufikira inaima yokha osapendekeka. Ojambula a m'tauni ali ndi coimikapo kamera ca miyendo itatu. Ca kumudzi ndi cimeneci, ndipo sicicepa mphamvu.

Apa panali pophunzitsana, pakuti wina anadziwa kuwala, wina anadziwa foni. Mkuluyo anafunsa kuti ciboo cicepetsedwa pati. Mdzukulu anayankha kuti mafoni ambiri ciboo cao sicisintha; mdima ukabwera foni italikitsa nthawi yotsegula, kapena ikweza nambala ya ISO. "Imeneyo ndiyo ASA yathu," anatero mkuluyo mokondwa. Anakumbuka kuti filimu ya ASA 400 inali kumva kuwala kanai kuposa ya ASA 100, koma zithunzi zace zinali ndi timcenga-mcenga. Foni nayo icita cimodzi-modzi: ikakweza nambala, cithunzi cidzala timadontho, ikatalikitsa nthawi kufika 1/15 kapena 1/8 ya sekondi, kugunda kwa mtima kokha kukwanira kugwedeza dzanja ndi kupaka mitengo cimbuuzi. Mtondo ulibe mtima wogunda. Ndipo popeza ngakhale cala codina cigwedeza foni, mtsikanayo anaiuza kuti iziyembekeza masekondi atatu isanajambule.

Za cibanga coyera cija mankhwala ace anali apafupi. Foni, poona mitengo yakuda, inali kuyesa kuiwalitsa, ndipo potero inali kupsereza thambo. Mtsikanayo anakhudza pa galasi pamene panali thambo lowala pambali pa dzuwa, natsitsa kacizindikiro ka kuwala kufikira kufiira kunabwerera. Kukuza ndi zala analeka, pakuti pa mafoni ambiri kumeneko ndi kungotambasula cithunzi comweco ngati citenje cakutha, ndipo ukuthwa umathera pomwepo. Ng'ombe zinali kubwera kucokera ku dambo, zikuutsa fumbi limene linayaka ngati golide. Mkuluyo, amene anali kuona zinthu mwa cizime-zime, anafunsa ngati miyendo ya ng'ombe yotsogola yalekana ndi ya inzace. Itapatukana anati, "Tsopano." Cithunzi cinatuluka cakuthwa, nyanga ndi cikwapu ca mbusa zili zakuda pa thambo lamoto, ndipo mtsikanayo analumpha ngati kamwana.

"Ambuye, tsopano kaimeni uko pafupi ndi mkuyu, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mutuluka ngati cija ca pa cipupa. Mafoni a masiku ano amatha kujambula kangapo nthawi imodzi ndi kuphatikiza, thambo ndi nkhope zonse n'kuoneka."

Zimenezo n'zoona, ndipo pa foni yabwino zimathandiza ndithu, ngakhale kawiri-kawiri nkhope yopulumutsidwa motero imatuluka yotuwa ngati ya munthu wodwala. Koma mkuluyo sanafune kuyesa mwai kaciwiri pa malo amodzi-modzi.

"Iai, mkazi wanga. Ng'ombe zilibe kanthu, tidzazidziwa ndi nyanga. Tembenuza mtondowo. Ndipo woima si ine, ndi iwe."

Anatembenuza foni kuti iyang'ane kum'mawa. Mtsikanayo anadabwa, pakuti madzulo onsewo anali asanaceukeko: miyala ya pa Mphangwe inali itafiira ngati mbiya yoturuka pa moto, ndipo kumbuyo kwace thambo linali la buluu wozama. Mwana wina wobwera ku citsime anabwereketsa ndowa yace ndi nkhata. Mdzukulu anasenza, naima moyang'ana dzuwa, limene tsopano linali litatsala pang'ono kukhudza mitengo ndipo silinali kuthobwa m'maso. Kuwala kwace kunagwa pa cipumi, pa masaya ndi pa khosi, ndipo mbali imene inatsala ndi mthunzi anaiwalitsa ndi thumba loyera la ufa limene mwana uja analigwira motambasula.

Mkuluyo anagwada pa mtondo, mawondo akulira. Ulendo woyamba anadina mwamphamvu monga anazolowerera pa kamera yacitsulo, foni inapendekeka m'kathumba, ndipo cinajambulidwa ndi nthambi za mtengo. Anaikhazikanso. Dzuwa linali litagunda kale pansi.

"Khudzani pang'ono cabe, ambuye, ngati mufuna kuona ngati phala lazizira. Kenaka cotsani dzanja."

"Imani pomwepo, mai," anatero iwo, osazindikira kuti asintha kachulidwe. "Musatule ndowa."

Anakhudza, nacotsa dzanja. Masekondi atatu anatha, foni inalira. Pamene mtsikanayo anatula ndowa, kufiira kwa pa Mphangwe kunali kukwera kuthawira ku nsonga, ndipo m'munsi munali mutada.

"Maso aoneka?"

"Aoneka, ambuye."

"Nanga mphuno?"

Mdzukuluyo anayandikitsa foni ku diso lao lamanzere. Anayang'ana nthawi yaitali, kufikira galasi linazima lokha ndipo anawayatsiranso. Sananene ngati afanana kapena iai.

"Lolemba ukwere njinga upite ku boma ukatsukitse ziwiri pa pepala," anatero potsiriza. "Foni imagwa m'madzi, imabedwa. Cimodzi ubwere naco kunyumba. Cinaco ukapereke kwa ambuye ako aja a kutsidya kwa dambo, mlongo wao wa malemu. Ukawauze kuti cacokera kwa alamu ao, ndipo ukamvetsetse bwino cimene akanene, udzandiuze mau ace onse."

Kumudzi azakhali anali kuitana mokweza, kufunsa amene watenga mtondo.